Chitsulo Chotsikira Anachikiyira M'chipinda

Nkhaniyi si yongomva kwa wina ayi, inachitikira ine amene, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Wokayika abwere adzandiyang'ane kumaso, aone diso lakumanzereli momwe linayerera ngati la nsomba yophika, kenako adzandiuze ngati munthu amadzichita yekha zotere kuti apeze chokamba. Sinditchula dzina la munthu kapena la loji, osati chifukwa ndinakhululuka, koma chifukwa ena amene analipo tsiku limenelo akugwirabe ntchito ku Senga Bay komweko ndipo ali ndi ana oti adyetse. Papita zaka ndithu, koma ndikangoiyamba nkhaniyi mtima umawira, moti mkazi wanga amangonyamuka n'kupita panja.

Ine ntchito yanga ndi yosadza mitengo. Sindikunena zogwetsa mtengo ndi nkhwangwa ayi, koma kukwera pamwamba n'kumachotsa nthambi imodziimodzi, kuitsitsa pa chingwe kuti isaphwanye denga la munthu. Anandiphunzitsa ndi amalume anga, amene anayamba ndi usodzi ku Mbenji kenako n'kukagwira ntchito ya mitengo pa esiteti ina, munthu wodziwa zingwe kuposa momwe ankadziwira ana ake. Iwowo anandisiyira mfundo imodzi imene ndadyera moyo wanga wonse. Umatenga kachingwe konenepa ngati chala chaching'ono, n'kukazenga kanayi pa chingwe chachikulu chokwererapo, nsonga zake n'kumanga ku lamba wa m'chiuno. Ukakhala ndi thupi lako lonse, kamagwira nganganga. Ukapana chingwe ndi mapazi n'kuimirira, umakakankha ndi dzanja ndipo kamakwera nawe. Ukafuna kutsika, umangokafinya pamutu pake, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, ukasiya kufinya umaima. Chimene chakukweza ndi chomwecho chikutsitse. N'zochedwa, sindikana, ndipo manja amatuluka matuza, koma amalume ankati kuchedwako ndiye maso ako, chifukwa wokwera pang'onopang'ono amaona mphako iliyonse ndi nthambi iliyonse imene yaola mkati.

Pa loji ija ndinagwirapo zaka zambiri, ndikusamala maluwa ndi mitengo, popanda tsiku limene ndinagwa kapena kugwetsera munthu nthambi. Kenako kunabwera manijala watsopano kuchokera ku Lilongwe, bambo wa nsapato zosongoka zimene zinkatitimira mumchenga, mulu wa makiyi ukulira m'chiuno moti unkadziwa kuti abwana akubwera asanaoneke. Abwanawa anali ndi lamulo lawo limodzi, ndipo muligwire lamuloli chifukwa ndi limene linandidyera diso. Ankati chilichonse chobwera ziwiri, chimodzi ndi sipeya, chipite m'chipinda chosungiramo katundu chikakiyidwe. Matsache akabwera awiri, limodzi kukiya. Mababu, mapaipi othirira maluwa, ngakhale sopo wochapira, chimodzimodzi. Kwa iwo wantchito aliyense anali wakuba amene sanagwidwe chabe, ndipo ifenso tinazolowera, tinkangoseka tikawaona akuthamangira kuchipinda kuja atakumbatira tsache.

Pakati pa lojiyo panali mkuyu waukulu, wakale kuposa nyumba zonse za pamenepo, ndipo pansi pake panali chisakasa cha udzu chodyeramo alendo. Chaka chimenecho mwera unawomba kwambiri, n'kung'alula nthambi ina yaikulu kumtunda kwenikweni, ili lendee pamwamba pa chisakasacho. Loweruka lake pankayenera kuchitika phwando la ukwati. Mwini wake wa loji, amene ankakhala kunja kwa dziko lino, anali atatumiza kale katoni ya zida zokwerera mitengo, ndiye abwana anati nthawi yake yakwana, anandiitanira ku ofesi Lachinayi m'mawa kuti ndidzalandire chitukuko.

M'katonimo munali chingwe chatsopano chofiira, chosalala ngati chapakidwa mafuta, lamba wa m'chiuno wabwino ndithu, chipewa cholimba, ndi zitsulo ziwiri, chilichonse m'pepala lake la pulasitiki. Abwana anatulutsa chimodzi. Chinali ndi chogwirira cholowetsamo dzanja lonse, ndipo mkati, momwe chingwe chimadutsa, munali timano ting'onoting'ono ngati ta mcheni. Ukachikankhira m'mwamba chimayenda myaa, ukachikokera pansi timanoto timaluma chingwe. Chachiwiricho sanachimasule n'komwe. Anangochiika pambali, n'kunena kuti chimenecho ndi sipeya.

Tsono apa mumve bwino, chifukwa ine ndinafunsa. Ndinati bwana, chinacho chikuoneka chosiyana ndi ichi, bwanji tichione? Anandiyankha kuti zida za masiku ano zimabwera m'maonekedwe osiyanasiyana, ndisavutike nazo. Ndinafunsanso kuti kukwera ndaona, nanga kutsika nditsika bwanji? Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa mzungu wina akukwera mtengo ndi chitsulo chonga chomwecho, ndipo kanemayo anathera pamene mzunguyo anafika pamwamba akumwetulira. Ndinati ameneyo sanatsike bwana. Anaseka, n'kundionetsa kachitsulo kena kakang'ono pambali pa timano tija, anati ukakakoka ndi chala chachikulu mano amatseguka, munthu n'kutsika, nkhani yatha. Anayesa pomwepo mu ofesimo, chingwe chili pa tebulo, ndipo kanatsegukadi mosavuta. Inenso ndinayesa, kanatseguka. Palibe mwa ife awiri amene anaganiza kuti pa tebulo chingwe sichinanyamule munthu.

Ndinatibe nditenge tizingwe tanga ta mfundo, ndikhale nato m'chiuno. Apo ndiye anakwiya. Anati tizingwe takuda ngati tomangira mbuzi timeneto sitionekanso pamaso pa alendo, mwini wake watumiza zida zamakono ndipo akufuna zithunzi, ngati ndikufuna zachikale ndipite ndikasadze mitengo ya mango ku Khombedza. Anandilanda tonse titatu, ndikuona, n'kutiponya m'katoni muja pamodzi ndi chitsulo chachiwiri chija, katoniyo n'kukaikiyira. Ndikanakana. Ndimadziuza tsiku lililonse kuti ndikanakana. Koma ntchito za m'maloji mukuzidziwa, ukatuluka pageti m'mawa, masana pamakhala pataima kale anthu asanu ofuna malo ako.

Ndinaponya chingwe pa mphanda ya pamwamba, nsonga inayo n'kuimanga pa tsinde la mtengo wina, chitsulo chija n'kuchilowetsa pa chingwe ndi kuchikoleka ku lamba, n'kuyamba kukwera cha m'ma teni koloko. Ndisaname, chitsulocho chimakwera, anthuni. Ndikapana chingwe ndi mapazi n'kuimirira, ndinkangochikankha ndi dzanja limodzi, chili myaa, popanda kulimbana nacho. Mtunda umene ndinkakwera ndikupuma katatu ndinaukwera osapuma n'kamodzi komwe. Alendo anatuluka m'chisakasa atanyamula mafoni, ena akuwomba m'manja, abwana ali chilili pakati pawo manja m'thumba ngati akwera ndi iwo. Ndipo ine, mwamuna wamkulu wa imvi m'ndevu, ndinakomedwa. Maso anga anali kwa alendo ndi pa chitsulo chonyezimiracho, osati pa mtengo. Ndi mmene ndinadutsira mphako yaikulu imene inali pathunthu, mbali ya kunyanja, osaiona. Ndi mfundo yanga ndikanaima pamenepo kuti ndipume, ndikanamva kulira kwa mkatimo, ndikanatsika n'kukauza abwana kuti tidikire tiyambe tafukiza utsi.

Nditafika pa nthambi yong'aluka ija ndinatsamiza mapazi pathunthu, n'kutulutsa sowo yanga ya m'manja imene ndinkaimangirira ku lamba ndi kachingwe ka asodzi kuti isagwe. Ndinacheka mwina kakhumi. Mtengo wonse unkanjenjemera ndi kuchekako, ndipo ndinamva phokoso pansi panga, ngati minibasi ikubwera patali. Nditayang'ana pansi ndinaona utsi wakuda ukutuluka pathunthu, ukukwera kubwera kwa ine. Sunali utsi. Zinali njuchi, ndipo mphako yawo inali pakati pa ine ndi nthaka.

Yoyamba inandiluma pakhosi, yachiwiri pamlomo, kenako ndinasiya kuwerenga. Ndinadzikankha kuchoka pathunthu n'kulendewera m'malere, n'kukoka kachitsulo kotsegulira mano kaja. Sikanasunthe. Ndinakoka ndi zala zonse ziwiri zazikulu mpaka chikhadabo chinang'ambika, koma kanali gwa, chifukwa thupi langa lonse linali litakhalira pa timano tija. Ndiye ndinapana chingwe ndi mapazi n'kuimirira kuti ndichipepukire, ndipo pamenepo kanatsegukadi, koma mano atatseguka panalibenso chondigwira kupatula mapazi anga pa chingwe choterera. Ndinatsetsereka mwina mkono umodzi, chala chinaphonya, manowo analumanso mwamphamvu moti msana unalira, ndipo ndinaona ulusi wofiira wa chingwe utanyotsoka pamene analumapo. Pamenepo ndi pamene ndinachidziwa chitsulocho. Chimadziwa ziwiri zokha, kuluma kapena kusiyiratu, za pakati sichizidziwa.

Ndinakuwa. Ndinaitana abwana kuti abweretse tizingwe tanga, aponye, achite chilichonse. Mukudziwa chimene anayankha? Anakuwa kuti ndikoke kachitsulo kaja monga anandionetsera, ndisachite mantha ngati mwana. Kenako njuchi zina zinatsikira pansi, alendo anabalalika akulira, ndipo ndinamva makiyi aja akulira mothamanga, chitseko cha galasi cha ku ofesi n'kutsekeka. Munthu amene anandikweza mumtengo anakadzitsekera m'nyumba, makiyi a moyo wanga ali m'chiuno mwake. Kodi ngakhale mbuzi ukaimangirira padzuwa n'kuona moto ukubwera, suthamanga kukaimasula?

Njuchi zinalowa m'chipewa cholimba chija, m'makutu, m'malaya, zina m'mphuno. Ndikatsegula pakamwa kuti ndikuwe zinkalowa m'kamwa, ndiye ndinatseka pakamwa. Imodzi inandiluma m'diso lenilenilo, osati pachikope ayi, mkati, ndipo ululu umenewo sindingaufanizire ndi chilichonse chimene ndinamvapo. Nkhope inayamba kutupa, diso linalo likutsekeka nalonso, mtima ukugunda m'makutu. Ndinaona kuti ndifera pompano, ndili lende ngati nyama ya pabutchala, mkazi wanga adzanditsitsa ndi anthu obwereka makwerero. Ndinamva mantha, inde, koma chimene chinandigwira kwambiri unali mkwiyo, woti ndife chifukwa cha munthu amene sanakwerepo ngakhale mtengo wa gwafa.

Mkwiyo womwewo ndi umene unandikumbutsa sowo. Inali ikulendewera m'chiuno mwanga pa kachingwe ka asodzi kaja, kamene abwana sanakawerengere ngati chida, apo ayi akanakakiyiranso. Kanali kowonda kuposa tizingwe tanga ta mfundo, kakale, kodyeka ndi dzuwa, koma kanali chingwe. Ndinakamasula ndi mano ndi zala zotupa, sowo inagwa, ndinamva galasi la tebulo likusweka pansi. Maso anali atatsekeka onse. Ndinapapasa chingwe chachikulu pamwamba pa chitsulo chija n'kuyamba kuzenga, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, ndinawonjezera kachisanu poti chingwecho chinali choterera. Mutu wanga sunkaganizanso kanthu, ndi manja amene ankakumbukira okha zimene amalume anawaphunzitsa ndi mbama. Ndinamanga nsonga zake ku mphete ya lamba, ndinapana chingwe ndi mapazi, ndinaimirira, ndinakankhira mfundoyo m'mwamba, n'kukhala pang'onopang'ono ndikupemphera. Inagwira. Chitsulo chija chinakhala opanda katundu, ndipo kotsegulira kaja kanatseguka mofewa ngati mu ofesi muja. Ndinachichotsa pa chingwe n'kuchisiya chikulendewera.

Tsopano panatsala kudutsa pakhomo pa njuchizo, poti njira ina panalibe. Ndinakulunga chingwe chachikulu kumwendo kuti chindithandize kuchepetsa liwiro, ndinafinya mfundo, n'kuyamba kutsika. Pofika pamphakopo phokoso lake linali loti sindinkamvanso kupuma kwanga, ndipo zinandiphimba manja ngati ndavala magolovesi. Thupi linkati siya chilichonse udziphimbe kumaso, koma ndikanasiya kufinya ndikanaima pomwepo, ndiye ndinafinyabe. Kachingweko kanayamba kutentha m'dzanja, ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, khungu la m'chikhatho likusupuka. Kenako ndinamva fungo lina, la utsi weniweni, ndi mawu a mzimayi akukuwa kuti tsikani achimwene, mwatsala pang'ono, musasiye. Mawuwo atangomveka pafupi, kachingwe kanaduka, ndipo ndinagwa mumchenga kuchokera pa msinkhu wa munthu.

Anali mayi ochapa zovala za alendo, mzimayi wamasiye wochepa thupi, amene abwana ankamuwerengera sopo ngati mankhwala. Pamene amuna onse a pa lojiyo anathawa, alonda ndi ophika omwe, iwowo anadzifunditsa nsalu ya pabedi yonyowa, anazula udzu wa chisakasa n'kuuyatsa m'beseni lachitsulo pamodzi ndi masamba aawisi, n'kubwera pansi pa mtengo. Anandifunditsa nsalu ina yonyowa, anandikoka ndi lamba uja mpaka kuchipinda chochapira, akulumidwa nawonso, n'kuyamba kundipala mbola ndi mpeni wa patebulo. Mlendo wina ndiye anatulutsa galimoto yake n'kunditengera kuchipatala ku Salima. Za m'njira sindikumbuka kanthu.

Kuchipatala ndinakhalako masiku angapo, nkhope ili ngati dzungu, moti mwana wanga wamkazi atalowa m'chipindamo anandidutsa n'kumakafunafuna bambo ake pa mabedi ena. Diso lakumanja linatseguka tsiku lachitatu. Lakumanzere linatsegukanso, koma silinaonenso kanthu kufikira lero. Adokotala anati ndikanakhala m'mwambamo kanthawi kena pang'ono, bwenzi akulankhula ndi mkazi wanga osati ine. Ukwati uja unachitika Loweruka lomwelo, anangosamutsira matebulo kumchenga. Abwana sanabwere kudzandiona. Anangotumiza uthenga kudzera mwa mlonda wofunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinaponya sowo pa tebulo la alendo.

Nditachira ndinapita ku loji kuja kukatenga tizingwe tanga, china chilichonse sindinkachifuna. Abwana anatsegula chipinda chosungiramo katundu, atasankhasankha makiyi awo aja, ndipo mkatimo munali matsache, mababu, sopo wouma mpaka kung'aluka, ndi katoni ija pa shelefu. Pamene ndinkatulutsa tizingwe tanga, dzanja linakhudza chitsulo chachiwiri chija, chikadali m'pulasitiki yake. Ndinachitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kapepala kolimba, ndipo pakapepalapo panali chithunzi cha munthu ali pa chingwe, muvi waukulu ukuloza pansi. Sipankafunika sukulu kapena Chingerezi, ngakhale ine wa diso limodzi ndinaona. Sichinali sipeya. Chinali chitsulo chotsikira, mnzake wa chokwerera chija, ndipo mwini wake wa loji anatumiza zonse ziwiri kuti zizigwira ntchito limodzi.

Ndinawaonetsa abwana chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ndinkaganiza kuti mwina anena pepani, mawu amodzi okha, ndipo mwina ndikanawalandira. Koma anakweza mapewa n'kunena kuti katswiri wa mitengo ndine, ndinkayenera kufunsa bwinobwino, safunsa anadya phula. Anthuni, mwambi umenewo kuuza ine! Ine amene ndinafunsa kawiri mu ofesi mwawo n'kuuzidwa za mitengo ya mango ya ku Khombedza! Magazi anandithamangira kumutu, ndipo chitsulo chinali m'dzanja langa, cholemera bwino. Amene anandigwira mkono ndi mayi ochapa aja, amene anali atanditsatira mwakachetechete, anati achimwene, diso lapita kale, musawonjezerepo ndende. Ndinachiika pansi chitsulocho, ndinatenga tizingwe tanga, n'kutuluka pageti osayang'ana m'mbuyo.

Lero ndimasadzabe mitengo, m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za anthu kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Khombedza komwe anandinyoza nako kuja, koma yaitali kwambiri ndimaikana, chifukwa ndi diso limodzi nthambi imaoneka pafupi ili patali. Anthu amandifunsa kuti chabwino n'chiti, chitsulo kapena mfundo, poganiza kuti nditukwana chitsulo. Ayi. Ndinadzakumana ndi munthu wina wodziwa ntchitoyi amene anandionetsa zitsulo ziwirizo zikugwira ntchito limodzi, ndipo n'zabwino, zimasunga mphamvu za munthu. Chitsulo chija chinachita ntchito imene anachipangira, sichinandinamize. Anandinamiza ndi munthu amene ankaopa kubedwa kuposa kuika maliro, ndipo inenso ndinadzinamiza pamene ndinalola kuti manja a alendo anditseke maso. Ine ndimakwerabe ndi mfundo, chifukwa ndikhoza kuimanga maso atatsekeka, ndipo zimenezo sindikunena mongoyerekeza.

Tsono inu amene mumakwera, kaya ndi mumtengo, padenga kapena pa thanki ya madzi, ndikuchenjezeni. Wina akakupatsani chida chatsopano, musachiyesere pa tebulo. Kwerani nacho kufika m'chiuno mokha, mukhalepo ndi thupi lanu lonse, kenako mutsike. Chikakana kukutsitsani pamenepo, chidzakananso pamwamba, ndipo amene anakupatsaniyo adzakhala ali kuseri kwa chitseko cha galasi. Kachingwe kanu kazikhala m'chiuno mwanu, kaya n'kakuda bwanji, ndipo wofuna kukakiyira mumuuze akwere yekha. Kachidutswa kopsa ka kachingwe ka asodzi kaja ndinakasunga, mayi aja anakanditolera mumchenga, kali pa msomali pafupi ndi kalilole wanga. M'mawa uliwonse ndikamameta ndevu ndimakayang'ana kaye, kenako ndimatembenuza mutu wonse kuti ndione tsaya lakumanzere.